Galimoto zidagundana, koma ndani adagunda mnzake?

Kuseri kwa msika wa m'tauni ya Milange kuli kanyumba ka malata komwe mkulu wina amakonzeramo mafoni. Mukalowa mumayamba mwaona tebulo lodzaza ndi mabatire otupa, timawaya ndi mafoni a anthu amene adati abwera Lachisanu koma mpaka lero sadaonekenso. Chipinda cha kumbuyo kale chidali chosungiramo matumba a chimanga. Tsopano muli makompyuta asanu akale, ogula kwa anthu amene adawataya m'maofesi, batire lalikulu la galimoto lodikira magetsi akazima, ndi kope limodzi la sukulu lomangidwa ndi mphira pakhoma.

M'kope limenelo ndimo muli ligi. Loweruka lililonse masana anyamata a ku Milange ndi anzawo ochokera kutsidya, ku Muloza ndi ku Limbuli, amasonkhana m'chipindamo kudzapikisana pa mpikisano wa galimoto wa pa kompyuta. Wopambana amalembedwa mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, monga momwe amachitira a Formula One. Mphotho palibe, kupatula kuti dzina lako limakhala pamwamba sabata yonse ndipo anzako amakuitana kuti dalaivala.

Mmisiri wa mafoniyu ndi mwana wa mbali zonse ziwiri. Makolo ake adathawa nkhondo mu 1986 nakakhala ku Mulanje, ndipo iye adabadwira komweko. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, banjali lidadikira pang'ono kuti lione ngati mfuti zaziziradi, kenako lidabwerera kwawo kunsi kwa phiri la Tumbine. Choncho mkuluyu salabadira kuti munthu wadzera mbali iti ya mtsinje. Amalandira kwacha, amalandira metikali, ndipo m'foni mwake muli makadi awiri monga zilili ndi anthu ambiri a m'malire muno, ina ya kuno, ina ya ku Malawi.

Nkhani ya ligi idayamba mu 2021 ndi masewera otchedwa Need for Speed Most Wanted, a mu 2005, omwe mwana aliyense wolowa m'nyumba za masewera amawadziwa. M'menemo munthu amathawa apolisi, amaomba khoma galimoto ili pa liwiro loopsa, nabwerera m'mbuyo n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Anyamata amakuwa, amaseka, tsiku limatha.

Amene adasokoneza chisangalalo chimenechi ndi mphunzitsi wina wa masamu wa ku sekondale, kasitomala wa mmisiriyu. Tsiku lina ataimirira pakhomo kudikira foni yake, adayang'ana kwa kanthawi napukusa mutu.

"Zimenezi si galimoto, ndi nthano," adatero aphunzitsiwo.

Iwo adafotokoza kuti pali mtundu wina wa mapulogalamu omwe amayesetsa kutsanzira galimoto yeniyeni. Kompyuta imawerengera kulemera kwa galimoto, kutentha kwa matayala, kutha kwa mafuta m'thanki ndi momwe thupi la galimoto limatsamirira mbali imodzi pokhota. Ukaponda buleki mochedwa umapitirira kona n'kukagwera m'mchenga. Ukaponda moto msanga matayala akumbuyo amaterereka ndipo umapezeka wayang'ana komwe wachokera. Palibe apolisi, palibe nyimbo, pali iwe ndi msewu basi.

Mmisiriyu adamuuza nkhaniyi mng'ono wake amene amagwira ntchito pa garaja ina ku Johannesburg. Mng'onoyo adali atalowa kale m'masewera otere, ndipo posakhalitsa adatumiza katoni kudzera kwa dalaivala wa lole. M'katonimo mudali chiwongolero cha Logitech G29 ndi zopondera zake zitatu. Chiwongolero chimenechi chili ndi timainjini m'kati, moti matayala akayamba kuterereka chimapepuka m'manja, ndipo ukakwera mwala wa m'mphepete mwa msewu chimanjenjemera. Tsiku lomwe adachimanga pa tebulo, ngakhale amayi ogulitsa mandasi pafupi adabwera kudzachigwirako.

Pakati pa anyamata ochokera kutsidya padali wina wa kabaza, wa zaka 19 pa nthawiyo, amene ntchito yake idali kunyamula anthu ndi matumba pa njinga pakati pa Limbuli ndi chipata cha malire. Sadali wolankhulalankhula. Amabwera fumbi lili m'miyendo, nalipira ndalama zachitsulo zochokera m'thumba la shati, nakhala pa kompyuta ya pakona yomwe anzake amaikana chifukwa galasi lake lili ndi mzere wobiriwira. Ndipo amapambana. Aphunzitsi aja adati chifukwa chake n'chosabisika: munthu amene amatsika mtunda ndi matumba awiri a chimanga pa njinga ya mabuleki ofooka amadziwa kulemera kwa katundu kuposa wina aliyense, ndipo amadziwa kuti kona imayambira kutali. Kaya aphunzitsi adanena zimenezi poyamikira kapena podzitonthoza, mulimonse mudali choonadi.

Zinthu zidasintha mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adatera kufupi ndi Quelimane pa 11 mwezi umenewo, ndipo mvula yomwe idatsatira idagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kupha anthu mazanamazana kummwera kwa Malawi, makamaka m'maboma a Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Pa masabata amenewo palibe adaganizako za masewera. Koma maliro atatha, madzi ataphwa, anyamata a kutsidya adapezeka kuti sangathe kumabwera Loweruka lililonse. Ena amaumba njerwa zomangira nyumba za makolo awo, ena ndalama ya ulendo idasowa.

Apa ndi pomwe mng'ono wa ku Johannesburg adabwera ndi nzeru. Bwanji ligi isamukire pa intaneti? Aliyense aziyendetsa ali komwe ali, iyenso alowe nawo, ndipo kompyuta yake ndiyo ikhale seva, kutanthauza kompyuta yomwe imalandira mauthenga a galimoto zonse n'kuwagawira kwa onse. Adasankha pulogalamu ya Assetto Corsa, yopangidwa ndi kampani ya Kunos Simulazioni ya ku Italy mu 2014. Ubwino wake ndi woti umagula kamodzi, ndipo imalola munthu wamba kutsegula seva yakeyake. Kugulako kumafuna khadi la banki, ndipo amene adali nalo ndi iye yekha.

Mmisiriyu adavomera, ndipo lero amanena yekha kuti adavomera chifukwa chochita manyazi kukana mng'ono amene adatumiza chiwongolero. Pa makompyuta ake asanu, awiri okha ndiwo adatha kunyamula pulogalamuyo, ndiponso adachita kuchotsa mithunzi ndi zokongoletsa zonse kuti chithunzi chisamadukeduke. Ligi yomwe idali ndi anthu oposa 20 idatsala ndi 8. Palibe adathamangitsidwa, komabe amene adalibe kompyuta kunyumba adangopezeka ali oonerera. Mnyamata wa kabaza adapulumuka chifukwa kalaliki wina wa ku esiteti ya tiyi, yemwe amamunyamula m'mawa uliwonse, adamubwereka laputopu yake, ndipo intaneti amaitenga pa foni yake atagula bandulo ya tsiku limodzi.

Ngozi idachitika pa msewu wa Monza wa ku Italy. Amene amaudziwa msewuwu akudziwa kuti pamapeto pa mtunda wautali wowongoka pali kona yopapatiza, ya kumanja kenako kumanzere, pomwe galimoto zimafika zili pa liwiro lake lonse ndipo aliyense amayenera kuponda buleki mwamphamvu. Udali ulendo womaliza wozungulira. Aphunzitsi adali patsogolo kwa nthawi yoyamba chiyambire ligi, mnyamata wa kabaza ali pambuyo pawo. Mmisiriyu adaimirira kumbuyo kwa mpando wa aphunzitsi ndipo adaona ndi maso ake: galimoto ya mnyamatayo idabwera ngati yopanda mabuleki, idaomba ya aphunzitsi kumbuyo, n'kuizunguza mpaka kukhoma. Mnyamatayo adapitirira nakamaliza woyamba.

Usiku umenewo gulu lawo la pa WhatsApp lidatentha. Mng'ono wa ku Johannesburg, monga mwini seva, adagamula kuti mnyamatayo alandidwe mapointi onse a mwezi umenewo. Ena adaonjeza mawu omwe sakadawanena pamaso. Wina adati munthu wa kabaza angadziwe bwanji buleki. Wina adati anthu a kutsidya ndi choncho, akaona kuti agonja amaononga. Mawu achiwiriwa adamupweteka mmisiriyu chifukwa iyenso mchombo wake udagwera kutsidya komweko, koma sadadzudzule. Atafunsidwa maganizo ake adalemba kuti iye waona yekha, mnyamatayo walakwa.

Mnyamatayo adayankha kamodzi kokha. "Achimwene, ine sindidagunde munthu." Kenako adatuluka m'gulumo.

Padapita masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lina kalaliki wa ku esiteti uja adabwera ku Milange kudzagula mafuta ophikira, ndipo adadzera kwa mmisiriyu kuti amuonere laputopu yomwe idayamba kutentha. Pocheza adati mnyamata uja adasunga kanema wa mpikisano wa tsiku lija ndipo adamuletsa kuti asamufufute. Mmisiriyu adatsegula kanemayo mongofuna kuyesa makina.

Zomwe adaona zidamuumitsa pakamwa. Pa laputopu ya mnyamatayo, iye adaponda buleki nthawi yabwino, patali ndithu ndi galimoto ya aphunzitsi, nakhotera mbali ya m'kati momwe mudali mpata. Galimoto ya aphunzitsi idanjenjemera, idaima ngati yozizidwa, idasowa, kenako idatulukira pafupi penipeni ndi mphuno ya galimoto yake ili kale chozungulira. Mmisiriyu adathamangira ku kompyuta yomwe aphunzitsi adagwiritsa ntchito natsegula kanema wa mpikisano womwewo. Kumeneko mnyamatayo adabwera osaponda buleki. Mpikisano umodzi, kona imodzi, makanema awiri osiyana, ndipo palibe idanama.

Adagona mochedwa masiku angapo akuwerenga pa foni kuti amvetse. Nkhani yake ili chonchi. Pa mpikisano wa pa intaneti, kompyuta ya munthu aliyense imadziwa bwinobwino galimoto ya mwini wake yokha. Za galimoto za ena imangomva kudzera m'timauthenga tomwe timabwera kangapo pa sekondi kuchokera ku seva. Uthenga ukachedwa kapena ukatayika panjira, kompyutayo siyimitsa mpikisano kuti idikire. Imangoganizira kuti galimoto inayo ikupitirira monga momwe imayendera pa uthenga womaliza. Tsono ngati uthenga womaliza udanena kuti mnyamatayo ali pa liwiro lonse, ndipo uthenga wonena kuti waponda buleki wachedwa, kompyuta ya aphunzitsi idamuyendetsabe pa liwiro lonse mpaka kuwaomba. Mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu amachita motero.

Aphunzitsi eni ake ndiwo adamuthandiza masamu ake, asanadziwe komwe nkhani ikulowera. Galimoto yothamanga makilomita 180 pa ola imadutsa mamita 50 pa sekondi imodzi. Uthenga ukachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, nthawi yomwe munthu sangamalize n'kuphethira komwe kawiri, galimotoyo yasuntha mamita 10. Pa kona ngati ya ku Monza ija, mamita 10 ndi kusiyana kwa kudutsana mwaulemu ndi kuphana.

Choseketsa, ngati chili choseketsa, n'choti anthu awiriwa adali motalikirana makilomita ochepa chabe, ulendo woti wa kabaza yemweyo amaupalasa kangapo pa tsiku. Koma uthenga wa mnyamatayo umadzera m'makampani a ku Malawi, wa aphunzitsi m'makampani a ku Mozambique, onse n'kukakumana ku Johannesburg, kenako n'kubwerera. Ndiponso intaneti ya pa foni siyenda mofanana. Loweruka madzulo, anthu onse a pamsika akamatumizirana makanema, imathamanga kamphindi, n'kupuma, n'kuthamanganso. Wotumiza uthenga wa mawu sazindikira. Woyendetsa galimoto amazindikira ali kale kukhoma.

Lamulungu lotsatira mmisiriyu adatseka kanyumba kake naoloka malire. Adafunsa kwa anyamata a kabaza pa siteji mpaka adafika pa nyumba ya mayi ake a mnyamatayo. Khoma limodzi lidali la njerwa zatsopano zosapaka, lina lidakali la pulasitiki.

"Odi kuno!"

"Eee, fikani. Kaya ndi mtendere?" adafunsa mayiwo akuyala mkeka.

"Ndi mtendere, mayi. Ndabwera kudzapepesa kwa mwana wanu. Ndidamunamizira pagulu."

Mayiwo adadabwa kuti munthu wamkulu, wa ndevu zake, angaoloke malire chifukwa cha zidole za pa kanema. Koma atamva mawu omwe adanenedwa pa gulu paja adakhala chete, ndipo adatuma mwana kuti akamuitane. Mnyamatayo adamvetsera zonse maso ali pansi. Pomaliza adati, "Ndamva, achimwene. Koma ine za pa intaneti ayi. Bandulo ndigule ndine, kutukwanidwa ndikhalenso ine?"

Msonkhano wosankha pulogalamu udachitika mu Disembala 2023 pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kanyumba kaja. Foni idaikidwa pa njerwa kuti mng'ono wa ku Johannesburg amve ndi kulankhula. Mmisiriyu adayamba ndi kuonetsa makanema awiri aja, wina pambuyo pa mnzake, ndipo adanena pamaso pa onse kuti iye adaweruza molakwa. Aphunzitsi adaonera kawiri osanena kanthu.

Mng'onoyo adavomera kuti padali vuto, koma mankhwala ake adali opita patsogolo, osati kubwerera. Iye amafuna iRacing, pulogalamu ya ku America yomwe idayamba mu 2008 ndipo ndiyo imalemekezedwa kwambiri pa mipikisano ya pa intaneti. Adakumbutsa anyamatawo kuti ngakhale Max Verstappen, katswiri wa Formula One, amapikisana pamenepo akakhala kunyumba. Adati pulogalamuyo imasunga mbiri ya dalaivala aliyense, ndipo wokonda kugunda anzake imamutsitsa yokha popanda anthu kukangana.

Mmisiriyu adali atawerenga kale. Adayankha modekha kuti iRacing imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo galimoto ndi misewu yambiri umagula payokhapayokha, zonse pa ndalama zakunja ndi pa khadi. Siyenda popanda intaneti yabwino ndi kompyuta yamphamvu. Ndiponso galimoto ziwiri zikagundana, pulogalamuyo imalemba chilango kwa onse awiri osafunsa kuti wolakwa ndani. "Tsono pa tsiku lija ikadatiuza chiyani, mng'ono wanga?" adafunsa.

Anyamata atatu a ku sekondale amafuna Gran Turismo 7, yomwe idatuluka mu 2022 pa makina a PlayStation. Iwo adali ataonera filimu ya mu 2023 yosimba za Jann Mardenborough, mnyamata wa ku Britain amene adapambana mpikisano wa GT Academy mu 2011 ali wosewera pa kanema chabe, ndipo mu 2013 adayendetsa galimoto yeniyeni ku Le Mans ku France namaliza wachitatu m'gulu lake. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo palibe angadzudzule mwana wa ku Milange chifukwa choilota. Koma GT Academy idatha mu 2016. Ndipo kuti ligi iyende pa Gran Turismo pafunika PlayStation zingapo, kanema wa aliyense, ndi malipiro ena apadera a mwezi ndi mwezi oti munthu aloledwe kupikisana pa intaneti. M'boma lonse la anzawo omwe amawadziwa, makina otere adali nawo ndi mmodzi.

Wina adatchula Starlink, intaneti yochokera m'mlengalenga yomwe idafika ku Mozambique ndi ku Malawi chaka chomwecho cha 2023. Atamva mtengo wa mbale yake yokha, onse adaseka, nkhaniyo n'kuthera pomwepo.

Anyamata a kutsidya adalankhula pang'ono, koma zomwe adanena zidalemera. Mwezi wapitawo, mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Chilichonse cholipira pa dola chidakwera usiku umodzi, ndipo ngakhale kusintha kwacha kuti upeze metikali pa chipata kudasanduka kulira. Mmodzi adati, "Sankhani zomwe mukufuna, akuluakulu, koma mukasankha zolipira mwezi ndi mwezi mwatiuza kuti tisabwerenso."

Apa mmisiriyu adawaitanira onse m'chipinda cha kumbuyo. Pa makompyuta onse asanu, kuphatikizapo ya mzere wobiriwira ija, adali ataikapo pulogalamu yotchedwa Live for Speed. Pulogalamuyi idayamba kuoneka mu 2002, yopangidwa ndi anthu atatu okha, Scawen Roberts, Eric Bailey ndi Victor van Vlaardingen. Ndi yaing'ono, imayenda pa makina omwe ena adawataya, ndipo gawo lake loyamba ndi laulere, lokhala ndi msewu wa Blackwood ndi galimoto zitatu. Ofuna zambiri amalipira kamodzi, osati mwezi uliwonse. Maonekedwe ake ndi achikale, mitengo yake ili ngati yodula pa katoni. Koma matayala ake amatentha ndi kutha, ndipo munthu wopanda chiwongolero angathe kuyendetsa bwino ndi mbewa ya kompyuta. Chachikulu pa zonse, makompyuta asanuwo adawalumikiza ndi zingwe ku kabokosi kamodzi pansi pa tebulo. Uthenga umayenda mamita atatu, osati kukazungulira ku Johannesburg.

Pa foni paja padamveka kuusa moyo. "Achimwene, mukufuna kubweza ana a eni ake ku masewera a zaka 20 zapitazo? Ndiye ine ndiziyendetsa bwanji ndili kuno?"

Funso lachiwirilo ndilo lidali lenileni, ndipo aliyense adalimva. Mng'onoyo adachoka ku Milange kalekale. Amakhala m'kachipinda ka lendi pakati pa anthu olankhula zinenero zina, ndipo Loweruka masana ndi nthawi yokhayo yomwe amamva anthu akwawo akusekana m'Chichewa m'makutu mwake. Live for Speed imathekanso pa intaneti, koma kutero kukadabweretsa matenda omwewo, ndipo mnyamata wa kabaza adali atanena kale mawu ake. Mmisiriyu adaona kuti pulogalamu iliyonse yomwe angasankhe itsekera wina kunja. Chomwe chidatsala ndi kusankha woti atsekeredwe: mbale wake mmodzi wa bere limodzi, kapena anyamata khumi ndi angapo a eni ake.

"Ukabwera udzayendetsa," adayankha.

Adavota pokweza manja. Live for Speed idapambana. Adagwirizananso malamulo ochepa omwe adalembedwa pa tsamba loyamba la kope. Wopikisana aliyense azikhala m'chipindamo. Popeza makina ndi asanu, azithamanga m'magulu, opambana n'kudzakumana pomaliza. Chiwongolero chizigwera munthu mwa maere, ena onse mbewa. Pakachitika ngozi, kanema azionera onse pamodzi nthawi yomweyo, ndipo nkhani ya ngozi isapite pa WhatsApp.

Mtengo wake udalipiridwa. Anyamata atatu a Gran Turismo adasiya kubwera, ndipo amakasewera kwa mnzawo wa PlayStation uja. Mng'onoyo adatseka seva yake, ndipo kwa miyezi yambiri akaimba foni amangofunsa za umoyo wa mayi awo ndi za ndalama ya feteleza, za ligi osatchula. Aphunzitsi adasowa mwezi wathunthu. Tsiku lomwe adabwerera adapeza mnyamata wa kabaza ali pa kompyuta yake ya pakona, ndipo adatuluka n'kubwera ndi botolo la Frozy naliika pambali pa mbewa yake. Mawu oti pepani sadatuluke. Anthu ena ophunzira amavutika nawo mawu amenewa kuposa masamu.

Sikuti ngozi zidatha. Zimachitika Loweruka lililonse, makamaka pa kona yoyamba ya Blackwood pomwe aliyense amadziona ngati Verstappen. Kusiyana kwake n'koti wogunda ndi wogundidwa amakhala mapewa atagundana, kanema ndi mmodzi, ndipo wolakwa amadziwika anzake asanamalize kuseka. Kumapeto kwa 2024, pa nthawi ya zipolowe zomwe zidatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala, intaneti ya pa mafoni idazimitsidwa kangapo m'dziko muno. Anyamata a kutsidya ena adaopa kuoloka, koma amene adafika adapeza makina akuyenda monga mwa masiku onse.

Pa Khirisimasi yapitayi mng'ono uja adabwera kudzaona mayi ake. Loweruka adafika pa kanyumbako atavala jekete ya garaja, naimirira pakhomo la chipinda cha kumbuyo manja ali m'thumba. Adayang'ana mitengo ya pa Blackwood nati sadaonepo zonyansa chotero. Adayang'ana chiwongolero chake, chomwe chikopa chake chidayamba kusupuka ndipo chopondera chimodzi chidamangidwa ndi waya, koma sadanenepo kanthu.

Mkulu wake adamupatsira chipewa chomwe mudali timapepala ta maere. Chiwongolero chidagwera mwana wina wogulitsa mazira owiritsa. Mng'onoyo adakhala pa benchi, adagwira mbewa kwa nthawi yoyamba, ndipo adazungulira kawiri pa udzu asanaizolowere. Adamaliza wachinayi. Mmisiriyu adatsitsa kope pakhoma, natembenuza tsamba, nalemba dzina la mng'ono wake pansi penipeni ndi mapointi 12.

"Tibwereze," adatero mng'onoyo.

Mnyamata wa kabaza adasuzumira panja kuona dzuwa, nati mawa kuli makasitomala a ku tchalitchi ndipo mayi ake safuna kuti aoloke mtsinje kutada. Adapereka mpando kwa wina, natulutsa njinga yake.